Makhadi Akanena Kuti Banja Latha

Za Pakhomo Pathu

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, Kasungu yense amasintha kayendedwe. Malole odzaza mabelo amadutsana pa msewu wa M1, ndipo pa Santhe, pa Chatoloma ndi pa Nkhamenya anthu amakhala pikitipikiti kuyambira m'mawa. Ngakhale banja limene silinadzalepo fodya limamva kutentha kwa nyengoyi, pakuti soya, mtedza ndi chimanga zimagulitsidwanso miyezi yomweyi. Thukuta la chaka chonse limasanduka ndalama m'masabata ochepa. Ino ndi nyengo ya malata atsopano, njinga zamoto ndi mafoni. Ndi nyengonso imene ankhoswe sagona tulo.

Mafoni atsopanowo akubwera ndi mlendo amene makolo athu sanamudziwe. Pa TikTok, pa Facebook ndi pa YouTube pali makanema a anthu oombeza ndi makhadi otchedwa tarot. Munthu amasakaniza makhadi, n'kutulutsa awiri kapena atatu, n'kukuuzani kuti ngati kanemayo wakupezani ndiye kuti uthengawo ndi wanu. Funso la mwezi uno lachokera kwa mlongo wina wa m'dera la Kasungu. Mwana wake wamkazi, amene ali pabanja, anaonera kanema wotere pa nthawi imene iye ndi mwamuna wake anali atakangana pa za ndalama za mbewu. Makhadi amene anatuluka anali awiri: la Imfa ndi la Ndodo Zisanu. Woombezayo anati tanthauzo lake ndi nkhondo pakhomo imene mapeto ake ndi kulekana. Kuyambira tsikulo mwanayo sakudya bwino, ndipo wayamba kulongedza katundu. Mayi ake akufunsa: kodi makhadiwa amadziwadi kanthu?

Tiyankhe funsoli mwachifatse, chifukwa kungoti "zimenezo n'zoletsedwa" sikuchotsa mantha mumtima mwa munthu amene wamva kale.

Kumene makhadiwa anachokera

Oombeza ambiri amafuna kuti tikhulupirire kuti makhadiwa ndi nzeru zobisika za ku Iguputo wakale. Mbiri yake ndi ina. Tarot anayambira ku Italy cha m'ma 1440, m'mizinda monga Milan ndi Ferrara, ndipo anali makhadi a masewera chabe, osewera anthu olemera pocheza, monga ife timasewera bawo. Mpaka lero ku France kuli anthu amene amasewera nawo popanda kuombeza kulikonse. Panapita zaka zoposa 300 anthu asanayambe kuwagwiritsa ntchito pofunsira zam'tsogolo. Mu 1781 munthu wina wa ku France, Antoine Court de Gébelin, analemba kuti zithunzi za pamakhadiwo zinachokera kwa ansembe a ku Iguputo. Analibe umboni uliwonse, ndipo pa nthawiyo panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuwerenga zolemba za Aiguputo akale, pakuti njira yowerengera zolembazo inatulukiridwa mu 1822. M'zaka zomwezo munthu winanso, Jean-Baptiste Alliette, amene ankadzitcha Etteilla, anayamba kusindikiza mabuku ophunzitsa kuombeza ndi makhadi, ndipo ntchitoyi inasanduka malonda.

Makhadi amene mumawaona kwambiri m'makanema anasindikizidwa ku London mu 1909. Anawakonza ndi Arthur Edward Waite, ndipo zithunzi zake anajambula ndi mayi wina waluso, Pamela Colman Smith. Onse pamodzi ndi 78: akuluakulu 22, ndi ang'onoang'ono 56 ogawidwa m'magulu anayi, a ndodo, a zikho, a malupanga ndi a ndalama. Khadi la Imfa ndi la nambala 13 mwa akuluakulu aja. Pali chithunzi cha mafupa a munthu atavala zovala zankhondo, atakwera kavalo woyera, atanyamula mbendera yakuda, mfumu itagona pansi. Khadi la Ndodo Zisanu lili ndi anyamata asanu atakweza ndodo ngati akumenyana. Zithunzi zimene zasowetsa tulo mwana wa mlongo wathuyu zinajambulidwa ndi munthu, pa tebulo, kuti zikagulitsidwe m'sitolo.

Chifukwa chake amaoneka ngati alasa

Tsopano tione mmene eni ake amamasulira makhadi awiriwa. Mabuku awo amati khadi la Imfa kawirikawiri silinena za maliro. Limanena za kutha kwa chinthu china ndi kuyamba kwa chinzake. La Ndodo Zisanu amati limanena za mkangano, mpikisano kapena kusamvana. Awiriwa akatulukira pamodzi, woombeza wina adzati mkangano uthetsa ubale. Wina adzati mkanganowo ndi umene ukutha, mtendere wayandikira. Wachitatu adzati muyenera kusiya khalidwe lakale kuti mupambane. Ndipo khadi likatuluka chozondoka, tanthauzo limatembenukanso. Tsono taganizani: banja likatha, makhadi alasa, banja likayanjana, makhadi alasanso. Ulosi umene sungalephere zivute zitani ndi ulosi wosanena kanthu.

Tiwerengetsenso. Pa makhadi 78 mungatuluke magulu a awiriawiri okwana 3,003. Munthu akatulutsa makhadi awiri mwachisawawa, khadi la Imfa limapezekapo pafupifupi kamodzi pa maulendo 39 alionse. Kuwonjezera apo, makhadi onena za mavuto ndi ambiri: la Nsanja yogwa, la Malupanga Atatu, la Malupanga Asanu, la Malupanga Khumi, ndi ena. Woombeza wojambula makanema angapo pa tsiku sangathe sabata osatulutsa nkhani ya kutha ndi ya mkangano. Ndipo ndani mwa ife amene alibe chinthu chikutha m'moyo wake, kapena munthu amene sakumvana naye? M'nyengo ya msika, mawu amenewa angakwane khomo lililonse kuyambira ku Chamama mpaka ku Chulu.

Akatswiri a za maganizo anayesapo nkhaniyi. Mu 1948, mphunzitsi wina wa ku America, Bertram Forer, anapatsa ophunzira ake mafunso, n'kuwalonjeza kuti aliyense alandira pepala lofotokoza khalidwe lake. Atalandira mapepalawo, anawapempha kuti apereke malikisi kuyambira 0 mpaka 5 posonyeza mmene pepalalo lawalasira. Pophatikiza onse, malikisi anafika pafupifupi 4.3. Kenako anawaululira kuti onse analandira pepala limodzimodzi, ndipo mawu ake anawatola m'kabuku ka okhulupirira nyenyezi. Mtima wa munthu umatola mawu amene akugwirizana ndi bala lake, n'kuiwala ena onse.

Foni nayo ili ndi mbali yake. Mapulogalamuwa amaona kanema amene mwachedwapo, n'kukubweretserani ena ofanana naye. Mukaonera mmodzi wonena za kutha kwa banja mpaka kumapeto, mawa mupeza atatu, mkuja khumi. Munthu amayamba kuganiza kuti chinachake chikumulondola, pamene ndi makina ofuna kuti asatseke foni. Kanema yemweyo waoneredwa ndi anthu zikwizikwi m'mayiko osiyanasiyana, ndipo aliyense wauzidwa kuti uthengawo ndi wake yekha. Pamapeto pake pamabwera pempho: tumizani ndalama kuti tikuombezereni mwapadera, kapena kuti tichotse tsokalo.

Ula wakale m'chovala chatsopano

Tisanaseke ana athu, tikumbukire kuti njala yofuna kudziwa zobisika si yachilendo kwathu kuno. Makolo ankapita kukaombeza ula mwana akadwala kapena nkhokwe ikapanda kudzaza. Chakumpoto kwa Kasungu, kumene Chichewa chimakumana ndi Chitumbuka, anthu amadziwa za nchimi. M'zaka za m'ma 1930, anthu a Mchape anayendayenda m'midzi ya dziko lino mpaka ku Zambia ndi ku Tanzania, akuyang'ana anthu pagalasi ndi kuwamwetsa mankhwala kuti athetse ufiti. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1960, anthu ochokera kutali ankakhamukira ku Rumphi kwa Chikanga. Mu 1995, anthu miyandamiyanda anapita ku Machinga kukamwa mankhwala a Billy Goodson Chisupe, amene ankati anawalota ndipo amachiza Edzi. Edzi sinathe. Chimene chinayamba kubweza anthu kumanda ndi mankhwala a ma ARV, amene boma linayamba kupereka ulere mu 2004.

Pa zonsezi pali chinthu chimodzi chimene sichisintha. Woombeza akati pali mkangano, wofunsayo amabwerera kwawo akufufuza mdani, ndipo samupeza kutali. Amamupeza mwa apongozi, mwa mlamu, mwa mkazi mnzake, mwa gogo wokhala yekha kumapeto kwa mudzi. Mu January 2016 ku Neno, anthu anayi okalamba anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo powaganizira ufiti, mphezi itapha mtsikana wa zaka 17. Lamulo la dziko lino la 1911 lokhudza ufiti limaletsa kumwetsa mwavi, kuloza munthu kuti ndi mfiti, ndi kuitana munthu woti adzagwire mfiti. Makhadi a pafoni satchula dzina la munthu, koma amasiya mpata woti inu mulembemo dzina, ndipo dzina limene mumalembamo ndi la munthu amene munali kumukayikira kale.

Mmene ulosi umadzikwaniritsira

Apa ndiye pali ngozi yeniyeni. Mu 1948, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, Robert Merton, anafotokoza za ulosi umene umadzikwaniritsa wokha: chinthu chabodza chikakhulupiriridwa, anthu amachita zinthu zimene zimachisandutsa choona. Mayi akauzidwa kuti banja latha, amayamba kubisa ndalama kukonzekera ulendo. Bambo akaona kuti ndalama zikubisidwa, nayenso amabisa zake. Bambo akachedwa kumsika chifukwa mabelo sanagulidwe, mayi amati ndi zomwe zija. Mawu amachepa, nsima imadyedwa mwakachetechete, ndipo pakatha miyezi itatu banja limathadi. Pamenepo wina amati makhadi ananena. Chonsecho makhadi sanaone zam'tsogolo. Anangoika khasu m'manja mwa anthu awiri, iwo n'kukumba okha dzenjelo.

Thupi nalo limalipira. Munthu wokhala ndi mantha masiku ambiri sagona, mtima umagunda msanga, mutu umawawa, m'mimba mumasokonekera, ndipo kwa amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi kapena shuga, matendawo amavuta kuwagwira. Madokotala amadziwa kuti munthu akayembekezera choipa, thupi likhoza kuyamba kumva ululu ngakhale palibe chimene chalowamo. Choopsa china ndi chakuti munthu woona chithunzi cha Imfa amayamba kumasulira matenda alionse ngati chizindikiro, m'malo mopita kuchipatala. Mwachitsanzo, munthu wothyola fodya wonyowa ndi mame kapena mvula amatha kumva chizungulire, nseru, kusanza ndi mutu, chifukwa nikotini amalowa kudzera pakhungu. Mankhwala ake ndi kuchoka m'munda, kuvula zovala zonyowazo, kusamba ndi sopo, kumwa madzi, ndi kupita kuchipatala ngati sizikusintha; ndipo ana sayenera kugwira ntchito imeneyi. Chifuwa chopitirira masabata awiri, kuonda ndi kutuluka thukuta usiku zimafuna kuyezetsa TB, imene imachizika ndipo mankhwala ake ndi aulere. Masabata amene munthu amataya akumasulira makhadi ndi omwe matenda amazikira mizu.

Ngati munthu wafika posadya, posagona, kapena akulankhula zoti moyo ulibenso phindu, musamusiye yekha ndipo musamudzudzule. Chotsani mankhwala a mbewu ndi a makoswe pamalo amene angawafikire, khalani naye, ndipo mupite naye kuchipatala. Pa chipatala cha boma cha Kasungu mungafunse za chithandizo cha matenda a maganizo, ndipo a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amagwira ntchito yomweyi.

Chimene Malemba akunena

Wina angafunse kuti, ngati makhadiwa ndi mapepala chabe, choletsera n'chiyani? Pa Deuteronomo 18:10-12 Mulungu analetsa anthu ake kuombeza kwa mtundu uliwonse, pamodzi ndi kufunsira kwa akufa, ndipo sanasiyanitse woombeza wolasa ndi wonama. Nkhani yagona pa kumene mtima ukupita ukafuna chitsogozo. Pepala palokha lilibe mphamvu, koma munthu akazolowera kufunsa kwina osati kwa Mlengi wake, watsegula khomo limene mdani wa miyoyo yathu amadziwa kulowerapo.

Nkhani ya Sauli pa 1 Samueli 28 ndi ya mkangano ndi kutha, monga makhadi awiri aja. Afilisti anali atasonkhana kudzamenya nkhondo, Samueli anali atamwalira, ndipo Sauli, amene iye mwini anathamangitsa obwebweta m'dziko, anadzibisa n'kupita usiku kwa mkazi wa ku Endori. Ife timadziwa kuchokera pa Mlaliki 9:5 kuti akufa sadziwa kanthu, choncho amene analankhula usiku umenewo sanali Samueli. Koma onani chimene uthengawo unachita. Sunamuitanire Sauli ku kulapa, sunamupatse njira, unangomuuza kuti zatha. Anagwa pansi mphamvu zitamuthera, ndipo anapita kunkhondo ali wogonja kale mumtima, mpaka anadzigwetsera pa lupanga lake pa phiri la Giliboa. Yerekezani ndi Yona ku Nineve: uthenga unali woopsa, koma unasiya khomo lotseguka, anthu analapa, mzinda unapulumuka. Chenjezo lochokera kwa Mulungu limabwera ndi chochita. Mawu amene amangotseka njira zonse n'kukusiyani mukunjenjemera achokera kwina.

Ndipo pa Machitidwe 16, mtsikana woombeza wa ku Filipi ankapindulitsa ambuye ake ndalama zambiri, moti atamasulidwa iwo anakwiya chifukwa malonda awo anatha. Kuyambira kalekale, pamene pali kuombeza pamakhala wina amene akuwerenga ndalama.

Mkangano uli ndi dzina

Tikachotsa makhadi patebulo, mkangano uja umakhalapobe, ndipo tisauchepetse. Koma mikangano yambiri ya m'nyengo ino ili ndi chiyambi chodziwika. Banja lonse linagwira ntchito kuyambira ku nazale mu September, kuwokera mvula itagwa, kupalira, kuthyola, kusoka, kuyanika m'chigafa, kusankha ndi kudinda mabelo. Koma dzina lolembedwa ndi limodzi, ndipo ndalama zimalowa m'buku la kubanki la munthu mmodzi. Kuyambira pamene ulimi wa mgwirizano ndi makampani unakhazikika mu 2012, alimi ambiri amalandira feteleza ndi zipangizo pa ngongole, ndipo ngongoleyo imadulidwa ndalama zisanafike kwa mlimi, pamodzi ndi za mayendedwe ndi misonkho ina. Mayi amene anawerenga mabelo akutuluka amayembekezera zambiri. Bambo amene waona zotsala amachita manyazi kunena. Wa soya ndi mtedza nayenso amakumana ndi zake: mtengo wa mavenda, katapila wa mu February, ndi achibale amene amatulukira akamva kuti mwagulitsa. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mabanja ambiri amakangana pa ndalama zimene anazigawa kale m'maganizo zisanabwere.

Pali zinthu zimene mungachite msika usanatseke. Choyamba, pepala la malonda liwerengedwe ndi anthu awiri. Bambo, ikani pepalalo pamphasa, mayi aone kulemera kwa katundu, mtengo wake, ndi zonse zimene zadulidwa. Manyazi a tsiku limodzi ndi opepuka kuposa kukayikirana kwa chaka chonse. Chachiwiri, gwirizanani za kagawidwe ndalama zisanatapidwe: chakhumi ndi zopereka, ngongole, chakudya chofika mpaka March, fizi ya ana, feteleza ndi mbewu za chaka chamawa, malipiro a amene anakuthandizani m'munda, ndi kangachepe kosungira matenda. Lembani m'kope. Nkhanga zinapangana kusanapse. Chachitatu, gwirizanani za achibale a mbali zonse ziwiri, kuti wopempha asamve yankho lina kwa bambo ndi lina kwa mayi. Chachinayi, sankhani nthawi yolankhulira. Nkhani ya ndalama isayambike munthu atangofika kuchokera kumsika ali ndi njala, kapena pamaso pa ana, kapena dzuwa la Lachisanu likulowa. Sabata lisasanduke tsiku la milandu.

Zikakanika awiri, Mateyu 18:15-17 amatipatsa ndondomeko: kuyamba panokha, kenako kuitana mmodzi kapena awiri, kenako mpingo. Mwambo wathu nawo unaika ankhoswe pa chifukwa chomwechi. Kusiyana kwa nkhoswe ndi khadi n'kwakuti nkhoswe imamva mbali zonse ziwiri, imakudziwani, ndipo mawa mudzakumana nayo pamaliro, choncho singalankhule mwachibwana. Itanani ankhoswe msanga, madzi akadali m'nkhongono. Abusa, akulu a mpingo ndi a utumiki wa mabanja alipo pa ntchito yomweyi. Nkhani ya malire a munda ipite kwa a mfumu, ndipo ya malipiro a wantchito ipite ku ofesi ya zantchito ya boma. Kumbukirani kuti mu 2021 lamulo linathetsa kulemba anthu ntchito mwa utenanti, ndipo wogwira ntchito ayenera kulandira malipiro.

Pamene chinthu chiyeneradi kutha

Si kutha kulikonse kumene kuli tsoka. Pa Genesis 13, abusa a ziweto za Abramu ndi a Loti anakangana chifukwa malo anachepa. Abramu, ngakhale anali wamkulu, anapatsa Loti mwayi wosankha mbali, ndipo analekana mwamtendere. Kukhalira pamodzi kunatha, chibale sichinathe, moti Loti atagwidwa pa nkhondo, Abramu ndi amene anakamulanditsa. Paulo ndi Barnaba anasiyana atatsutsana kwambiri pa za Marko, koma patapita zaka Paulo yemweyo anaitanitsa Marko kuti ndi wothandiza pa utumiki. Abale awiri olima munda umodzi amene chaka ndi chaka amakangana pa kagawidwe angachite bwino kugawana mundawo pamaso pa mboni. Chibale ndi fupa, sichiola, koma chimafuna malire omveka.

Palinso zinthu zimene ziyenera kutha lero lomwe. Ngati m'nyumba muli kumenya, kuopseza ndi chikwanje, kapena kumana mkazi ndi ana chakudya, imeneyo si nkhani yodikira chizindikiro kapena yongopirira. Lamulo la 2006 loteteza anthu ku nkhanza za m'banja limalola khoti kupereka chiletso choteteza wozunzidwa, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Mayi wothawira kwa abale ake kupulumutsa moyo sanachimwe, ndipo mpingo uyenera kukhala woyamba kumuteteza.

Nanga imfa yeniyeniyo? Idzafika, khadi lituluke kapena lisatuluke, ndipo chakudza sichiimba ng'oma. Njira yanzeru yokonzekera si kufunsa tsiku lake. Ndi kukhala pamtendere ndi Mulungu ndi anthu, ndi kukonza za pakhomo. Mikangano yowawa kwambiri imene timaiona m'midzi mwathu imabuka pambuyo pa maliro, pa za munda, ngolo, ng'ombe ndi nyumba ya malata. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Lembani wilo muli moyo, musaine pamaso pa mboni ziwiri, ndipo muuze a pabanja panu kumene ili. Pepala limenelo lingateteze ana anu kuposa makhadi onse 78.

Kwa amene waonera kale

Makolo, mwana akakuuzani kuti waonera makanemawa, musayambe ndi ukali. Wakuuzani chifukwa akuopa, ndipo mukamukalipira adzakafunsa kwa woombeza yemweyo. Mufunseni chimene chinali kumuvuta asanaonere, pakuti pamenepo ndi pamene pali bala. Muonetseni kumene makhadiwa anachokera ndi mmene amamasulidwira uku ndi uku. Kenako muthandizeni kutsekereza masamba amenewo pafoni ndi kusonyeza kuti sakufunanso makanema otere, kuti makina aja asiye kumubweretsera. Asatumize ndalama kwa aliyense wolonjeza kuchotsa tsoka, kaya wabwera ndi makhadi, ndi nsupa, kapena ndi Baibulo m'manja.

Palibe mwambo wapadera wofunika kuti munthu amasuke. A ku Efeso, pa Machitidwe 19, anavomereza zochita zawo, n'kutentha mabuku awo a matsenga, n'kupitiriza moyo. Vomerezani kwa Mulungu, siyani, ndipo khulupirirani kuti wakhululuka. Mawu a munthu wosakudziwani, wolankhula kwa anthu zikwi nthawi imodzi, alibe ulamuliro pa banja limene munalonjezana pamaso pa Mulungu ndi mboni.

Madzulo ano, pa kupembedza kwa pabanja, werengani Genesis 13 pamodzi. Mukatha, ana akagona, tulutsani kope ndi pepala la malonda, mukhale pansi awiri. Ngati pali dzina la nkhoswe limene mwakhala mukuzengereza kulitchula, litchuleni, ndipo mugwirizane tsiku loti abwere. Mwezi wamawa tidzakambirana za kasungidwe ka chimanga ndi mtedza kuti chuku chisalowe m'chakudya cha ana.